Nkhongo ya a Bornwell

Lundazi yense ankadziwa kuti a Bornwell Mtonga, katswiri wojambula zikwangwani za mafilimu ndi za oimba, sanaonerepo filimu ngakhale imodzi. Ankati mdima wa m'nyumba ya vidiyo umawononga maso. Mwini vidiyo ankangowauza kuti, "Muli msilikali, muli mkazi wolira, muli ng'ona," iwo n'kutola burashi. Nkhope za m'filimumo sankazidziwa, choncho ankangobwereka za pamsika. Msilikali wa mfuti ziwiri ankatuluka ndi mphuno ya Eston wogulitsa nsomba za kapenta. Mkazi wolira ankakhala Sophia wa kusaluni, ndi mpata wa m'mano womwe.

Tsiku lina a Jethro Jere a ku Magodi, mkulu wa mpingo, anabwera kudzagula mankhwala a ng'ombe, n'kudzipeza ali pakhoma, atamera nyanga, akumeza mwana.

"Bornwell! Nchivichi ichi?"

"Ni chiwanda cha mufilimu, adada."

"Nanga ndevu izi? Nanga chipewa changa?"

"Chiwanda nacho chimamva dzuwa."

Sabata imeneyo vidiyo inadzaza mpaka pakhomo. A ku Magodi anapalasa njinga kudzaona mkulu wawo akudya ana.

Koma amene anaona nazo zakuda ndi Linah Zimba. Chifukwa cha zikwangwani zimenezi, mayiyu anasiya makina osokera n'kugula penti, achibale akuti wapenga. Ankaima kumbuyo kwa a Bornwell tsiku lonse, kuona mmene dzanja likuyendera. Chimene ankafuna n'chimodzi chokha: kuti mkuluyo acheuke, aone ntchito yake, anene kuti yakoma.

"Aphunzitsi, onaniko iyi."

"Naiona."

"Simunacheuke n'komwe!"

"Namva fungo. Wachulutsa palafini mu penti."

Nthawi ina anajambulira gulu la oimba la ku Kapichila chikwangwani chimene iye mwini anachiona kuti n'chakupsa. A Bornwell anangoponya diso la m'mbali, thupi lili kukhoma.

"Wa gitala uyu kwawo ni kuti?"

"Nam'tenga pafoni."

"Ndiye chake. Munthu alibe mudzi, alibe malume, sanadwalepo dzino. Kafafanize."

Linah analumbira pali amake kuti sadzapondanso pamenepo. M'mawa mwake anali pomwepo, akutsuka maburashi mokwiya.

A Bornwell anamwalira m'nyengo yozizira, mavidiyo atatha kale chifukwa aliyense ankaonera pafoni. Apa ndi pamene panabuka vuto. Mkazi wawo, amayi Anna, anaitanitsa Linah pasiwa. Munthu amene anajambula tauni yonse analibe chithunzi chake ngakhale chimodzi. Ojambula ndi kamera ankawathamangitsa ndi ndodo yotakasira penti, ndipo cha pa chitupa chinafufutika kalekale.

"Mwana wane," anatero amayiwo, "tiika mawa. Anzawo onse chithunzi chimatsogola bokosi. Awa apite monga mlendo? Unijambulile."

Linah anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi bolodi lake. Anajambula, n'kufafaniza. Anajambulanso, inatuluka nkhope ya Eston. Anamfedwa anamuzungulira kuti athandize, ndiye anangoonjezera moto.

"Mphuno inali yaikulu."

"Bodza, yaing'ono!"

"Anali na ndevu."

"Maso ofiila monga mfiti," anatero a Jethro, amene anali asanakhululukebe.

Palibe awiri anagwirizana. Linah anaponya burashi m'fumbi, misozi ili chuchuchu, ya chisoni ndi ya ukali pamodzi.

"Munthu wabwanji uyu! Zaka zonsezi osaniyang'anako, lelo afuna nkhope!"

Atanena mawu amenewo anayang'ananso bolodi lija. Nkhope sankaidziwa, zoona. Koma nkhongo ija akanaijambula atatsinzina: kadazi ka pakati pa mutu, makwinya a pakhosi, burashi yopanidwa kukhutu, kolala yothimbirira penti wobiriwira, phewa lakumanzere lotsika. Anatola burashi ija, n'kuipukuta pachitenje.

M'mawa bolodi litatuluka kutsogolo kwa bokosi, anthu anayamba kuseka pamaliro pomwepo. Kenaka kuseka kunazilala. A Jethro anavula chipewa. Amayi Anna anayang'ana nthawi yaitali, n'kugwira kolala ija ndi chala.

"Ni iwo," anatero. "Na pa ukwati wathu ananipatsa nkhongo yamene iyi. Anali kuyang'ana khoma la chalichi, ati penti wake ni woipa."

Masiku ano makoma a pamsika avala zinsalu zapulasitiki zosindikizidwa ku Chipata, zokhala ndi anthu osalala opanda kwawo. Palibe amene amapalasa njinga kudzafuna mphuno yake pakhoma, ndipo Eston amadandaula kuti sadzakhalanso msilikali.

Bolodi lija amayi Anna analibweza kwa Linah, akuti m'nyumba likuwaliza. Lili m'shopu mwake. Akamaliza chikwangwani, amachinyamula n'kukaima nacho kumbuyo kwa nkhongo ija.

"Aphunzitsi, onaniko iyi."

Mpaka lero sanacheuke.