Ba Salifyanji ndi Mukule Wothina

Sikisi koloko m'mawa, tsiku loika maliro, Imelda anali akutenthetsa kale mafuta a nsatsi m'kapu. Ankayenera kukaluka tsitsi la malemu Ba Salifyanji, mnansi wake, mayi amene Kabwata yense ankawadziwa ndi chinthu chimodzi: akaona mukule wothina pamutu pa munthu, ankaumasula, mwini wake afune asafune.

Tsiku lina mu minibasi ya ku City Market munakwera mtsikana amene anali atangoluka kumene, nsidze zitakokekera m'mwamba ngati wadabwa. Anangomva zala za Ba Salifyanji kunkhongo.

"Amai, muchita chani?"

"Nkhala zii. Anakumanga ndani so? Ungatseke maso iwe?"

"Ni sitayilo!"

"Sitayilo izasila mwezi wa mawa. Dazi silisila."

Mtsikanayo anatsika theka la mutu litamasulidwa, akulalata. Madzulo anafika yekha ku Kabwata, atafunsira njira kwa kondakitala, kudzamalizitsa theka linalo.

Pa kicheni pate ya Monalisa ku Chelstone, mkwatibwiyo analowa atafunditsidwa chitenje, akusisima. Alangizi anayamikira kuti mwanayo ndi wamwambo. Ba Salifyanji anatchera khutu.

"Si mwambo uyu. Ni mutu!"

Anakwawa n'kulowa m'chitenjemo. Ng'oma zinalira mpaka oimba anatopa, chitenje chikungogwedezeka. Pamene ankachivundukula, mkwatibwi anali akumwetulira ndi mukule watsopano, ndipo pambali pake panali Ba Salifyanji ali thukuta kamukamu, chipeso chili kukamwa.

Loweruka lililonse khonde lawo linkadzaza. Ankadzoza mafuta m'mizere, ankamasula kuyambira kunsonga, tsitsi litanyowa, ndi zala zokha. Mukule ukapitirira miyezi iwiri ankautcha chisa cha makoswe. Ankalamula aliyense kugona ndi mpango woterera. Palibe ankaitcha ntchito imeneyo kuti ntchito, ngakhale msana wawo unapindikira pakhonde pomwepo. Imelda yekha ndiye ankawasesera tsitsi pansi. Koma kuluka sankamulola.

"Iwe Imelda, manja yako ni ya makanika. Umanga mutu monga wilo ya basi."

Tsopano pakhondepo panali mkeka wopinda basi. Akazi anali kufika pamaliro kuchokera ku Woodlands, ku Roma, ku Kamwala, ndipo Imelda anaona kuti ambiri anali atamasuliratu tsitsi kunyumba. Palibe anawauza. Mwina ankaopa kuti mayiyo angadzuke.

Imelda anatenga kapu ija n'kuima pakhomo. Anakumbukira sabata yatha, pamene Ba Salifyanji, atagona pabedi, anamuitana n'kuvula duku limene munthu sanawaonepo atavula. Tsitsi la imvi linagwa mpaka m'chiuno, lodzaza ngati la namwali. Koma chakumphumi ndi pamwamba pa makutu panali posalala ngati dzira.

"Apa ananimanga pa ukwati wanga ku Katete," anatero. "Ninalila, anati ni mwambo. Sipanamelenso."

Kenako anagwira manja a makanika aja n'kuwaika pamutu pawo.

"Bana banga bazabwelesa ba ku saluni. Osabalola. Uzaniluke iwe, waona mokwanila. Koma Imelda, mwana wa amai, osakoka. Olo sinizamva, osakoka."