Fulo ya M'bwato la a Matiyasi

Kuno ku Amaveni, mukafunsa za malemu a Matiyasi Chimbalanga, aliyense akuuzani chinthu chimodzi: munthuyo ankakwiya ngati anachita kulembedwa ntchito yokwiya. Ankakwiyira anthu, inde, koma makamaka ankalimbana ndi zinthu. Hamala ikaphonya msomali n'kuwamenya chala, ankaikhazika pampando n'kuyamba kuifunsa kwawo. Njinga ikaphwa, inkamva za amake ndi agogo ake omwe. Ine ndikudziwa bwino chifukwa anali alamu anga. Anakwatira alongo anga a Enala, ndipo nyumba zathu zinangosiyana ndi mpanda wa waya.

Mdani wawo wamkulu anali madzi. Kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu, ankayang'anira mapampu pansi pa mgodi wina wa golide cha ku Gaika, ataima m'madzi olekeza m'mawondo, majombo ali obooka. Tsiku limene anapuma pantchito anaponya majombowo padenga, naima pabwalo n'kulumbira anthu akumva.

"Mapazi awa sadzapondanso madzi, kupatula a m'bafa. Ndipo a m'bafawo azikhala aulemu."

Tsono munthu wolumbira chotere anakagula chiyani? Bwato.

Kanali kabwato ka aluminiyamu, kophwanyikaphwanyika m'mbali ngati poto wa pamaliro, kamene anakapeza kwa mlimi wina amene ankasamuka. Anati akufuna azidziwedzera okha nsomba ku damu la Sebakwe, chifukwa za pamsika zimanunkha ngati sokosi za kapitawo. Ulendo woyamba anandikoka ine. Tisanafike n'komwe pakati, madzi anayamba kudontha m'timisomali ta bwatolo n'kumasonkhana pansi, pakati pa nthiti zake. A Matiyasi anakweza miyendo m'mwamba ngati aona njoka.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndi madzi, alamu. Tili padamu."

"Ndikudziwa kuti tili padamu! Damu malo ake ndi kunja. Muno wawaitana ndani?"

Anapalasa kubwerera kumtunda mapazi ali pampando, akutukwana damu, mlimi uja, ndi munthu amene anayamba kupanga aluminiyamu. Tikutsika anati: "Ndiikamo fulo ya matabwa. Madzi azikhala kunsi, ine pamwamba. Aliyense kwawo."

Apo ndi pamene msewu wathu unasiya kupuma.

Vuto loyamba linali kuyeza. Bwato si chipinda. Pansi pake n'potsetsereka mbali zonse, kutsogolo n'kosongoka, ndipo kabwato kameneka kanali kokhota ngati kanagundidwa ndi ng'ombe. Akayeza apa, apo pakana. Tepi yoyezera inauluka n'kukagwera m'munda mwanga mwa masamba. A Enala, amene ndi telala, anasuzumira pawindo.

"Bambo, bwanji osadula kaye katoni, muyese mmene timachitira ndi diresi? Ikakwana, mujambule pathabwa."

"Bwato si diresi, mayi! Sokani zanuzo!"

M'mawa mwake ndinawapeza atagwada m'bwato, akudula makatoni. Anandiyang'ana maso ali psuu.

"Nzeru imeneyi ndaiganiza ndekha. Mwamva?"

Ndinamva. Ndinaonanso kuti sizasi imene ankadulira inali ya a Enala, ija yodulira nsalu yokha, imene ngakhale ana awo sankaikhudza. Pofika masana inali itabuntha, yosatha kudula ndi ulusi womwe.

Alongo anga zimenezo anazimeza. Chimene sanameze chinachitika Lachinayi, iwo atapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. A Matiyasi anayendayenda m'nyumba kufuna thabwa lalikulu, ndipo maso awo anagwera pa wodiropu. Imeneyi inali mphatso ya pa ukwati wawo. Anazula zitseko zonse ziwiri, nazicheka motsatira katoni ija. Ine ndinawachenjeza ndili kuseri kwa waya.

"Alamu, mufa lero."

"Ndafa kale kangati pansi pa mgodi? Gwirani apo!"

A Enala pobwera, atavala yunifolomu yawo yoyera, anapeza zovala zonse zili poyera, galasi la pachitseko litatsamira pamtengo wa mapeyala. Sanakuwe. Anangofunsa motsitsa mawu, ndipo ife odziwa tinabwerera m'mbuyo.

"Zitseko zanga zili kuti?"

"Zovala zimafunika mpweya," anatero a Matiyasi, osadzutsa mutu.

"Ndi inenso ndikufunika mpweya."

Tsiku lomwelo a Enala anakwera kombi, minibasi ya ku Gweru, kupita kwa mwana wawo Vainess amene amakhala m'dera la Mambo mumzindamo. Makina osokera anawanyamula, kusonyeza kuti si ulendo wa mawa.

Ndipo zitsekozo zinali za matabwa aja a utuchi womata. Titapita nazo kudamu, zinamwa madzi n'kufufuma ngati buledi. Pobwerera, phazi la a Matiyasi linabooleza n'kulowa m'madzi mpaka m'kakolo. Anaima chilili, akuyang'ana phala la utuchi lili yandeyande.

"Mkazi wapita chifukwa cha iwe," anauza fuloyo, "ndipo ukulephera ngakhale kundinyamula? Haikona! Ulibe manyazi?"

Munthu wina akanasiya. Iwo anakagula thabwa lenileni la pulayiwudi ndi mitanda ya paini yoti ligonepo. Kuti mitandayo igwire, anabwereka chobowolera chamagetsi kwa a Amisi, amene amawotcherera zitsulo pakona. Anayamba kuboola nthiti za bwato. Magetsi anathima. Anatukwana. Magetsi atabwera mwadzidzidzi, chala chawo chinali chikadali pabatani, ndipo chobowoleracho chinapyola nthiti, chinapyola bwato, n'kukalowa m'nthaka.

Anasuzumira pabowopo n'kuona nyerere zikudutsa kunsi.

Chobowoleracho anachibweza kwa a Amisi ndi mlandu. "Chida chanu n'chopanda mwambo. Simunachilere bwino." A Amisi, munthu wofatsa, anangovula kofia n'kukanda mutu, kenaka anabwera ndi kachigamba ka aluminiyamu n'kumata bowolo. A Matiyasi anaima pambali nthawi yonseyo akuwauza kuti akulakwitsa.

Fulo yachiwiri inatha. Pofuna kutalikirana ndi madzi, anaikweza kwambiri, pafupifupi kufanana ndi mipando. Ndinawauza kuti bwato likhala ngati munthu wosenza mtolo waukulu pamutu.

"Munapangapo bwato inu? Ntchito yanu inali yogulitsa matikiti a basi!"

Tinapita. Madzi anali bata. A Matiyasi anaimirira pafulo yawo ngati mlaliki, manja m'chiuno.

"Mwaona, alamu? Pouma ngati pabalaza!"

Anatembenuka kuti atenge mbedza. Bwato linapendekera kumanzere, iwo anathamangira kumanja, bwato linawatsatira. Chimene ndinaona pomaliza ndi mapazi awiri ataloza kumwamba, kenaka phuvu! Mwamwayi panali posaya. Anavuuka ndere zili kumutu ngati wigi, akulavula matope. Ine ndinali nditakakamira pampando, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka.

"Mukuseka chiyani? Mapazi ndiwo alowa pomaliza!"

Kuchokera tsiku limenelo anasiya kundilankhula. Akafuna kanthu ankauza hamala mokweza: "Iwe, kawauze a khomo linalo kuti abweze sowo yanga." Inenso ndinapsa mtima, chifukwa mlongo wanga anali atachoka pakhomo pake kaamba ka chibwana cha nkhalamba. Tsiku lina ndinawalalatira pawaya pomwepo.

"Inu, bwato lidzakuphikirani? Lidzakufunsani mmene mwagonera? Munthu wakhala nanu moyo wake wonse, mwamusinthanitsa ndi thabwa!"

Ndinkayembekeza mabingu. Koma ayi. Anangotola sowo n'kubwerera kubwato, ndipo kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa kutukwana kwawo konse.

Masiku otsatira ankagwira ntchito mwakachetechete. Mitanda anaitsitsa mpaka inagona pa nthiti zenizeni. Thabwa analidula pawiri kuti lizitha kuchotsedwa potsuka, ndipo kumbuyo anasiya kachitseko kokapira madzi. M'mphepete monse anapaka penti yobiriwira mobwerezabwereza kuti chinyezi chisalowe. Kunsi anayalako mabotolo apulasitiki otseka bwino, kuti bwato likadzaza madzi lisamire. Pulayiwudi yotsala anachekamo zitseko ziwiri za wodiropu, nazipaka penti yomweyo, poti ina analibe.

Kenaka m'mawa wina ndinamva kugogoda. Anali a Matiyasi, atavala jekete.

"Tiyeni ku Gweru. Musalankhule m'njira."

Ku Mambo tinapeza a Enala akusoka pakhonde. A Matiyasi anaika sizasi yatsopano pamakina, naima ngati msilikali.

"Ine sindinabwere kudzapepesa."

"Nanga mwadzatani?"

"Ndadzakuuzani kuti nyumba ija yandikwana. Ndikakwiya palibe wondiyankha. Ndikutukwana ndekha ngati wamisala. Mapoto sadziwa kuyankha, mayi!"

Vainess anathawira m'nyumba atatseka pakamwa. A Enala anayesa sizasiyo pakansalu, nayang'ana mwamuna wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaonda," anatero. "Kanyamuleni makinawo. Mukawagwetsa, mubwerera nokha."

Loweruka lake a Enala anakwera nafe bwato, atavala nsapato zoyera zansalu. Tinazungulira mpaka ku mabango ndi kubwerera. Bwato silinagwedezeke, ndipo madzi ankangomveka kunsi akulira chuchuchu, osaoneka. Potsika, a Enala anayang'ana nsapato zawo zili gwaa.

"Pouma ndithu. Koma zitseko zija n'zonyansa. Wodiropu yanga ikuoneka ngati chimbudzi cha pasukulu."

"Mwaona, alamu?" anakuwa a Matiyasi, nkhope ikuwala. "Munthu wosayamika!"

Kuyambira pamenepo ankapita awiri. Asodzi a ku Sebakwe ankati safunika kuyang'ana kuti adziwe kuti a Chimbalanga afika, chifukwa mkangano unkamveka kutsidya. Ankakangana za nyambo, za amene wathawitsa nsomba, za mmene munthu amakhalira m'bwato. Madzulo ankabwera atapsa ndi dzuwa, n'kugawira msewu wonse nsomba, aliyense akulandira yake pamodzi ndi chitonzo.

Chinawatenga a Matiyasi ndi chifuwa, fumbi lija la mumgodi limene linadya anzawo ambiri. Mawu anayamba kuchepa, mpweya kuvuta. Nditapita kukawaona kuchipatala, anandikodola kuti ndiwerame. Ndinkaganiza kuti andisiyira mawu a banja. Analoza pilo.

"Uyu," ananong'ona, "ndi wopusa."

Mawa lake anapita.

Msewu wathu tsopano ndi waulemu, ndipo ine sindikuukonda. Madzi akasowa m'mipopi sabata yathunthu, timangonyamula zigubu mwakachetechete. Magetsi akathima, aliyense amausa moyo m'nyumba mwake. Kale zikatero tinkamva chitseko chikumenyetsedwa, kenaka mawu aja akuyamba, ndipo tonse tinkamwetulira chifukwa zimene zinali pamtima pathu zinali zikunenedwa, mokweza ndiponso mwaluso. Sitinkadziwa kuti munthuyo ankakwiya m'malo mwa ife tonse. Lero mkwiyo uliwonse umagona m'mimba mwa mwini wake.

Dzulo ndinapeza alongo anga atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, makina osokera ataphimbidwa.

"Mukudwala, achemwali?"

"Ayi," anatero. "Kungoti kuyambira m'mawa palibe amene wandilakwira."