Miyezi Isanu Ndikudzithirira Mchere

Lolemba

Ndayamba lero. Kope latsopano, mtima watsopano, thupi lomwe lija.

Ndilembe kaye zimene anandiuza dokotala nditapita kwathu ku Ntcheu pa holide, ndisanayambe kuzikometsera. Akuti m'matumba anga a mazira muli timatuza tambirimbiri, dzira silikhwima n'kutuluka. N'chifukwa chake ndimatha miyezi osapita kumwezi. N'chifukwa chake ndimanenepa ngakhale ndingonunkhiza ndiwo. N'chifukwa chake pachibwano pali ndevu zisanu ndi ziwiri zimene ndimazula m'mawa ndisanakaime pamaso pa ana a Sitandade 4. Anandiyeza, mimba palibe. Dzina la matendawo ndi lalitali, analilemba papepala. Pepalalo ndalibisa m'Baibulo, pa Habakuku, poti palibe amatsegula pamenepo.

Ndinafunsa ngati mwana angadzabwere. "Mwina," anatero. "Muyambe mwachepetsa thupi."

Mwina! Zaka zisanu za ukwati, yankho n'kukhala mwina. Ng'ombe imene amalume anagula ndi malowolo anga yaswa kale kawiri. Ine ayi.

Ndondomeko ya sabata ino:
1. Kuyenda m'mawa uliwonse mpaka pamlatho n'kubwerera.
2. Mtanda umodzi basi. Masamba ambiri, dzira, shuga ayi.
3. Kuvina mwamphamvu pokonzekera magule a amayi a chipani. Kuvinako n'kokakamiza kale, bwanji ndisapindulepo?
4. Kuwauza zonse amuna anga, a Kayange, akabwera Lachinayi. Apita kwawo ku Misuku pa ntchito yawo ya ulangizi.

Nambala 4 ndiye mwini nkhani. Chiyambire Khirisimasi, apongozi anga akungotchula mtsikana wina wa ku Kaseye, akuti wolima, wa ulemu, wa kubanja lobereka, woyenera kukhala mkazi mnzanga. A Kayange amangoti, "Asiyeni amama, akalamba." Koma khutu la munthu limatopa. Ndikuopa, ndinene poyera.

Pamlatho ndafika. Mphepo ya kumapiri a Mafinga yandiluma makutu. Mtanda umodzi ndadya. M'mimba mukulira ngati ng'oma, koma ndikudzinyadira.

Lachiwiri

Ogo! Tsiku lachiwiri lokha.

Ndikubwerera kumlatho, a Nambewe, akazi a ahedi, aima pakhomo pawo manja m'chiuno. Ndi a ku Dowa, ndipo pano pa Chisenga ndife awiri tokha ochokera kumunsi. N'chifukwa chake ndikakhala kumwezi ndimaitana iwo kudzandithirira mchere m'ndiwo. Kwathu mkazi akakhala m'masiku amenewo sathira mchere, angadule anthu a m'nyumba. Ku koleji ndinapita, koma zimenezi sindinasiye.

"Mukupita kuti m'mame muno, inu a thupi lotere?" Ndaganiza kuti akundinyoza kunenepa. Ndangoseka.

Masana alowa kudzabwereka sefa, apeza dzira langa likuwira. Alichotsa pamoto ndi dzanja! "Mukufuna abadwe wadazi?"

Ndati ndani.

"Musandibisire ine. Mchere munandiitanira liti komaliza? Januwale! Ndakhala ndikuwerenga, mayi. Isanu."

Kani anthu amawerenga. Ine ndimayesa ndikuvutika ndekha ndi miyezi yanga, kani tsidya la mpanda kuli kalaliki.

Pakamwa ndatsegula. Mawu anali pafupi, ndithu. Koma a Nambewe andigwira masaya ndi manja awiri, misozi ili mbwee. Zaka zisanu pano, palibe anandiyang'anapo choncho. Ena amandiyang'ana mondimvera chisoni, ena amayang'ana ndevu. Ndatseka pakamwa.

"Sindiuza munthu," atero potuluka. Pa Chisenga mawu amenewo ndi belu la sukulu.

Dzira apita nalo. Abweza mbatata mbale yodzadza. Kubweza mbale ya mnzako ili chomwecho si ulemu, ndiye ndadya yonse.

Lachitatu

Kuyenda kwalephereka. A Nambewe akusesa pakhomo pawo chiyambire tambala wachitatu, tsache m'manja, maso pakhomo panga.

Ndati palibe kanthu, masana kuli magule. Tikukonzekera chikondwerero cha Julayi kuboma. Ndamanga nsalu ya chipani. Nsaluyo yayamba kundichepera, moti nkhope ya pansalupo masaya atambasuka. Ndisalembe zambiri. Kope ili ndimalisunga m'thumba la nyemba, koma nyemba nazo zimatha.

Ng'oma yangoyamba, ndaponya phazi kamodzi, kawiri, thukuta layamba bwinobwino. Posakhalitsa! Amayi a cheya a chipani akubwera.

"Madamu, yayi. Imwe khalani pamthunzi. Muziomba m'manja pera."

Amayi amenewa chaka chatha anandivinitsa ndili ndi malungo. Lero andipatsa mpando wawo. Wina wabweretsa thobwa m'chipanda, lashuga, ati ndimwe lonse. Amayi makumi atatu akuvina, akuonda pamaso panga, ine ndili phee pampando ndikumwa thobwa.

Zimene ndalandidwa lero:
kuvina,
kuyang'anira ntchembere mbaye kusukulu (ahedi ati ndipume),
ndowa yanga kuchitsime.

Zimene ndapatsidwa:
thobwa,
mtedza,
dzungu,
ulemu.

Ulemuwo ndiye ukundisautsa. Ndine yemwe uja wa sabata yatha. Ndimaphunzitsa ana awo kuwerenga chaka ndi chaka, palibe anandisiyirapo mpando. Lero zatengera kamunthu kamene kulibe. Ndipo choipa n'chakuti mpandowo ndaumva kukoma.

Mawa abwera a Kayange. Nambala 4 yokha ndiyo yatsala, ndiigwire ndi manja awiri.

Lachinayi

Abwera. Osati okha!

Nkhani yawapeza ku Misuku Lachitatu. Yayenda bwanji mapiri onsewo tsiku limodzi, pamene kalata ya kwathu imatenga milungu itatu? Akuti dalaivala wa lole ya khofi ndi mlamu wa amayi a cheya.

Atsika lole yomweyo: a Kayange, njinga yawo, mikoko iwiri ya nthochi, chipanda cha chambiko, mkaka wowawasa uja, mwendo wa mbuzi, ndi amama, apongozi anga, amene sanapondepo pakhomo pano zaka ziwiri.

Ndagwada kuwalonjera. Andidzutsa msangamsanga. "Mkamwana, osagwada. Ndagha, ndagha, mwana wane." Ndiko kuthokoza kwa kwawo. Avula mpango wawo wa ubweya andifunditsa. A Nambewe afika kale, akuwafotokozera nkhani ya mchere, akuwerenga pa zala, Febuluwale, Malichi. Amama akungogwedeza mutu.

A Kayange sanena kanthu, mwamuna satchula zoterezi. Angonditengera nkhuni m'manja anthu akuona, akuimba mluzu. Mluzu umenewo ndinaumva komaliza chaka choyamba cha ukwati.

Amama aphika mbalagha, nthochi zosakaniza ndi nyama ya mbuzi. Andigawira katatu. "Mukudyera awiri." Pogawira kachitatu anena motsitsa mawu, m'Chichewa chawo chodumphadumpha: "Za ku Kaseye zija tasiya. Ndatuma kale mawu."

Ndasiya kutafuna.

Madzulo ndalimba mtima. Ndatenga Baibulo, chala chili pa Habakuku, ndawapeza a Kayange akupopa njinga. Andiyang'ana, ayang'ana Baibulo, nkhope yawala.

"Mwaganiza bwino. Tithokoze. Tsegulani Masalimo."

Tawerenga Masalimo.

Lachisanu

Tsiku la msika. Amama ati tipite limodzi, koma tiziyenda pang'onopang'ono. Ulendo wa mphindi khumi tayenda ola.

Pamsika wa mbewu ndapempha kalaliki ndikwere sikelo, monga ndinachitira sabata yatha. Nthawi ijayi anandinong'oneza. Lero wakuwa kuti onse amve: "Thumba la chimanga lathunthu, kuchotsapo kambale!" Sabata yatha kanali kandowa. Amama aimba nthungululu.

Pachipata cha msika pali achinyamata a chipani ndi makhadi awo. Langa ndili nalo, ndaonetsa. Mmodzi wayang'ana khadi, wayang'ana mimba yanga.

"Ili ndi lanu, Madamu. Nanga la ali m'katiwo?"

Apa ndiye panali ponenera! Mawu awiri okha: mulibe munthu. Koma kumanja kuli amama, kumbuyo amayi a cheya, msika wonse watchera khutu. Ndamasula pamfundo ya nsalu ndagula.

"Dzina?"

Amama ayankha ndiwo. "Lembani Kayange. Linalo tidzawonjezera."

Ndiye pano m'nyumba muno tili ndi membala watsopano wa chipani. Khadi ali nalo, chidindo chilipo. Akusowa thupi lokha. Ine thupi ndili nalo lokwana awiri. Ndaseka ndekha kubafa mpaka kuseka kwasanduka kwina.

Mitanda lero: itatu. Ndevu: zisanu ndi zitatu. Yatsopanoyo yamera kumanzere.

Loweruka

Msana ukupweteka chiyambire m'mawa.

Amama akhala padzuwa akuluka kachipewa ndi ubweya womasula ku juzi yawo yakale. Ndakhala pambali ndikusankha nyemba. Osandiyang'ana, andiuza kuti a Kayange asanabadwe anaika ana atatu. Apongozi awo anawabweretsera mkazi mnzawo chaka chachinayi. "Ndinamuphikira ndine tsiku lofika." Anena ngati akunena za mvula ya chaka chatha.

Ndakhala ndikuwayesa mdani. Kani ndi munthu amene anamenyedwa ndi ndodo, n'kuisunga, poti ina saidziwa.

Maganizo oipa andifikira, ndiwalembe. Ndikhoza kungokhala chete mwezi wina, ndipite ku Ntcheu, ndikabwere ndikulira kuti yachoka. Adzandipepesa. Adzati bola njira ilipo, imatheka. Za ku Kaseye zidzagona zaka ziwiri. M'zaka ziwirizo ndiyende, ndionde, mwina uja wa dokotala apeze mpata. Ndani angadziwe? A Nambewe amawerenga mchere, sawerenga mitima.

Ndikuganiza zimenezi, ndapita kuseri. Ndipo taonani, kumwezi kuja kwafika! Miyezi isanu ndakudikira, ndakupempherera, ndakukwerera basi masiku awiri kukakufunsa kwa dokotala. Wasankha lero, apongozi ali pakhonde akuluka chipewa.

Thupi ili ndi langa, koma silinandifunsepo nzeru.

Ndiwo za madzulo aphika amama, ndapulumuka. Koma ati mawa akufuna alawe nyemba za dzanja langa asananyamuke Lolemba.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, ndati mutu. Ndatsala ndi nyemba.

Zapsa bwino. Tomato, anyezi, zonse. Kwatsala mchere. Ndaima ndi supuni m'manja, amama abwera kale, akhala pamphasa pakhomo la khitchini, a Kayange akumanga katundu panjinga.

Njira zitatu:
1. Ndithire ndekha. Ku koleji anatiphunzitsa kuti mchere ndi mchere basi.
2. Ndigwe pansi ndilire kuti yachoka.
3.

Yoyamba ndayesa. Dzanja lakana. Amama akutsokomola kale ndi mphepo ya kuno, ndipo manja awa anawalera ndi mayi anga, osati koleji. Kunama ndi pakamwa ndatha sabata yonse. Kunama ndi mchere m'chakudya cha anthu, ayi.

"Amama, ndithirireniko mchere."

Singano zoluka zaima. Andiyang'ana nthawi yaitali.

"Yachoka?"

Kungogwedeza mutu basi, zaka ziwiri zikanakhala zanga.

"Ayi, amama. Munalibe."

Adzuka pang'onopang'ono, atenga supuni m'manja mwanga. Athira. Athiranso. Athira kachitatu. Sindinawaletse.

Tadya atatu. Nyembazo kuwawa kwake! Palibe wadandaula, palibe wapempha madzi.

Titatha kudya ndatsegula Habakuku, ndapereka pepala kwa a Kayange. Awerenga kawiri, milomo ikuyenda pa dzina lalitali lija. Ndawauza za timatuza, za ndevu, za mwina. Mluzu watha. Kenako afunsa, "Bwanji simunandiuze Lachinayi?" Ndati munali kuimba mluzu. Apinda pepala aliika m'thumba.

Amama apinda kachipewa, kakusowa nsonga yokha, akaika pansi pa chikwama chawo. Mpango sanaitanitse. Ndawamva akufunsa mwana wawo ngati lole ya mawa imaima pa Kaseye. Iwo ati, "Sindikudziwa, amama." Msewu umenewo amayendamo mwezi uliwonse. Kaya ndikondwe ndi bodza limenelo, kaya ndiliope, sindikudziwa.

A Nambewe aima pampanda kawiri, sanalowe. Mawa sukulu yonse idziwa. Mpando ubwerera kwa amayi a cheya, ndowa ibwerera kwa ine, ndipo Lachitatu ndivina mpaka fumbi, ndifune ndisafune. Nambala 3 ya ndondomeko ija yatheka yokha.

Dzuwa likulowa a Kayange aima pakhomo, akuyang'ana kumbali. "Pamlatho paja mumanyamuka nthawi yanji?" Ndati tambala wachitatu. "Mundidzutse."

Zotsatira za sabata: kuyenda kawiri, kuvina masitepe awiri, kulemera kwawonjezeka, nambala 4 yachitika mochedwa masiku atatu. Khadi la Kayange wopanda dzina ndaliika pa Habakuku pomwe panali pepala. Limatha ntchito mu Disembala.

Nyemba zatsala zambiri. Tidya zomwezo mawa ndi mkuja, sindiitana munthu. Mchere ulimo wokwanira.