Chigwada cha Azakhali pa Kanema

Lolemba

Tafika! Nkhotakota, kwathu, ndabwera ndi kamera!

Zaka zonsezi ndine mkonzi wa magazini ya zakudya ndi maulendo, kulemba za supu wa m'mahotela ndi timakeke toti ukaluma umangomva mphepo. Tsopano a wailesi ya kanema andipatsa mwayi wa pulogalamu yangayanga. Abwana akumeneko andibwereka galimoto, kamera ndi wojambula wawo Yamikani mpaka Loweruka. Akuti ndikabwera ndi zogwira mtima, nthawiyo ndi yanga. Ndikabwera ndi zozizira, abwezeretsapo nyimbo.

Zozizira ine? Ndili ndi chimene wina aliyense alibe: chigwada chotendera cha azakhali anga a Zainabu, amene anandilera mayi atamwalira. Ndadya m'maiko a eni, koma ndiwo yoposa imeneyo sindinaipeze.

Zoti tijambule:
- azakhali akuthyola chigwada kumunda
- mtondo ukulira
- mphika wadothi wakuda bii uja
- ine ndikulawa nditatsinzina, ndayeserera kale pagalasi

Atilandira ndi nkhuku ndi mpunga. Palibe vuto, lero ndi la ulemu. Ndawafotokozera azakhali zonse ndipo ayankha kuti, "Inshaallah, mwanangu." Avomera!

Lachiwiri

Ndadzuka m'nyumba ina.

Pabalaza pali filiji. Nyumba ino ilibe magetsi chimangireni, koma filiji ilipo, yobwereka kwa aphunzitsi apafupi apa, pamwamba ayalapo kansalu koluka. Ndatsegula. Muli mbale zakale zonse zimene azakhali akuti sizoyenera kuoneka.

Mtondo wasowa. Mphika wadothi wasowa. Azakhali atuluka m'zovala za pa Idi, mafuta onunkhira mpaka kumsewu, akhala pampando manja pamaondo kudikira kamera. Ndawakumbutsa za chigwada. Aseka mpaka kupukuta misozi, akuti nthabwala zanga sizinathe kuyambira ndili mwana.

Ndapita kukhitchini kuti ndiyambe ndekha. Andibweza pakhomo, ati utsi ungandiwonongere tsitsi. Khitchini yomwe ndinakuliramo ndikutsuka miphika!

Masana nkhuku inanso. Yamikani akuti ino ndiyo ntchito yabwino kwambiri chiyambireni kujambula. Mnyamatayu ndi Yudasi.

Komabe masiku alipo. Ndikusangalala!

Lachitatu

Nzeru yabwera! Ngati chigwada sichibwera kwa ine, ndichitsata kumunda.

Ndavala chitenje, ndatenga lichero, Yamikani pambuyo. Kuwala kwadzuwa kwabwino, masamba anthete obiriwira, ine ndikulankhula ndi kamera ngati ndinabadwira pa kanema. Zatheka!

Sindinaganize za amayi a kumjigo, amene ationa tonse bwinobwino.

Pofika kunyumba nkhani yafika kale, ndipo yakula m'njira: akuti mwana wa pa kanema uja njala yamupweteka kwa a Zainabu, moti wayamba kudzithyolera yekha masamba. Anthu achita chisoni. Zobwera pakhomo:
- mbale ya mpunga yovundikira bwino
- mazira
- nkhuku yamoyo, yomanga miyendo
- mayi wina amene wangobwera kudzationa ngati taonda

Azakhali alandira zonse akumwetulira. Anthu atapita andiitanira kuchipinda. Sanakalipe, bola akanakalipa. Angoti, "Wandivula pagulu, mwana wa mchimwene wanga."

Zandipweteka, ndisaname. Lichero langa alikhuthulira mbuzi. Yamikani wajambula mbuzi zikudya, akuti zatsinzina bwino kuposa ine.

Lachinayi

Lero chigwada chipume, azakhali mtima utsike. Tikajambule nsomba kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Asodzi, mabwato, mpasa wowotcha pamakala. Chiyambi chabwino cha pulogalamu!

Mwera. Mphepo yachotsa duku langa, yalowetsa mchenga m'makutu mwa Yamikani. Mabwato onse ali kumtunda chafufumimba.

Tapeza asodzi akusoka maukonde pansi pa mtengo, malaya atavula, akuseka. Chithunzi cha maloto anga! Ndapempha chilolezo mwaulemu. Avomera ndi mtima wonse, nkuti tidikire pang'ono. Abalalika onse. Abwerera atasamba, atadzola, wina jekete, wina tayi pa malaya a timu ya mpira. Aima pamzere, manja kumbuyo, nkhope zolimba ngati chithunzi cha chiphaso.

Nsomba palibe ngakhale kausipa kamodzi. Mkulu wawo wachita manyazi kuti alendo abwerere chimanjamanja, watuma munthu kunyumba kwake. Sindinafunse nkomwe chimene akukatenga. Ndinachimva chikulira chikubwera.

Abwana aimba, akufuna kuona pang'ono pa zimene tajambula. Ndawatumizira mafunde. Ayankha kuti madzi ali nawo kale ambiri.

Lachisanu

Ndadziwa gwero lake! Msuweni wanga Hawa, mwana wa azakhali, wandinong'oneza tikuchapa. Ukwati wake uli pafupi, ndipo apongozi ake ndi a ku Dwangwa, nyumba ya kampani, kanema wamkulu pakhoma. Azakhali akuopa kuti anthuwo adzaona dziko lonse likuonerera kuti kwawo kwa mtengwa amadya masamba a chinangwa.

Ndamufunsa ngati apongoziwo sadya chigwada. Akuti amadya, amachikonda koopsa, koma osati pa kanema.

Hawa ndi munthu wabwino. Wandilonjeza kuti azakhali akapita kumzikiti, tiphika ife kuseri. Mtondo anaubisa kumbuyo kwa bafa, mphika uli pansi pa bedi. Masamba wathyola yekha, wabwera nawo m'ndowa ngati zochapa.

Azakhali atuluka. Kamera yayaka. Hawa wagwira munsi. Du! Du! Du! Mtima wanga ukuvina nawo, misozi ili pafupi, pulogalamu yanga yabadwa!

Hutala ya galimoto pakhomo.

Apongozi a ku Dwangwa. Amva kuti kuno kuli a kanema, ati adzapereke moni.

Sindinaonepo munthu wachangu ngati Hawa. Munsi waponya m'nthochi. Pamtondo waika lichero, palichero chitenje, pachitenje maluwa apulasitiki. Apongozi aakazi ayamikira katebulo kokongola, aikapo chikwama chawo, ndipo chakhala pompo mpaka dzuwa kupendeka. Azakhali pobwera ayang'ana katebuloko, ayang'ana ine.

Apongozi aamuna apempha kulankhula pa kamera. Alankhula za msewu, za mtengo wa feteleza ndi za achinyamata amasiku ano, mpaka batire latha.

Chimene tadya sindilemba.

Loweruka

Tsiku lomaliza. Ndasiya ukatswiri wonse, ndagwada pamkeka. Ndawauza azakhali zoona zokhazokha: kuti ntchito imeneyi ndaisaka zaka zambiri, kuti ikandiphonya lero sibweranso, kuti sindikufuna kuwachititsa manyazi koma kuwanyadira.

 Andisisita kumutu. "Masamba ukufuna? Udya masamba lero. Khala pabalaza, usalowe kukhitchini."

Avomera! Avomeradi! Ndavala diresi langa lachikasu. Yamikani wakonza magetsi ake a batire. Kujambula kuphika kwalephereka, chabwino, koma mbale ifika, ndilawa, ndifotokoza, anthu alira m'makomo mwawo. Hawa watumidwa pa minibasi m'mawa, sindikudziwa kuti, mwina kukagula nsinjiro zabwino.

Mbale zafika zovundikira. Kamera ikuzungulira. Ndavundukula yoyamba, mpunga. Yachiwiri, mukudziwa kale. Yachitatu ndaigwira ndi manja awiri.

Kabichi.

Kabichi wa ku Dwangwa, wodula bwino, wamafuta ndi kaloti. Azakhali aima pakhomo nkhope ikuwala, akuti awa ndiwo masamba oti munthu nkuonetsa dziko.

Ndalawa. Ndatsinzina monga ndinayeserera. Sindikanatha kuchitira mwina, anali akundiyang'ana ndi chikondi chonse.

Yamikani wanyamuka ndi galimoto ndi kamera, lamba atamasula bowo limodzi, kumbuyo kuli nkhuku ya asodzi ija. Ine ndatsala. Ndilibe nkhope yokaonana nayo ndi abwana lero.

Lamulungu

Abwana aona zonse kusanache. Uthenga wawo ndi waufupi. Akuti mbuzi zajambulidwa bwino, koma pulogalamu palibe. Nyimbo zibwerera. Ndibwerere ku magazini yanga, kumakeke amphepo.

Ndinafuna kugona tsiku lonse ndikudzimvera chisoni. Sizinatheke. Filiji yatuluka pa wilibala ndi phokoso lalikulu. Azakhali ali m'chitenje chawo chakale chong'ambika m'mphepete, andivundukula bulangete.

"Iwe, alendo apita. Ugona mpaka liti? Nkhukuzi zatitopetsa m'kamwa. Kathyole ndiwo."

Ndathyola. Ndasinja mpaka matuza m'manja, akundinena kuti tauni yandiphetsa mikono. Utsi walowa m'tsitsi, palibe wadandaula. Mphika wakuda uja wakhala pamafuwa, chidulo, nsinjiro, katsabola pang'ono.

Tadyera kukhitchini, pansi, atatu, ndi kondowole. Ndi chomwe chija, sichinasinthe ngakhale pang'ono. Sindinatsinzine. Ndalira maso ali chitsegulire, ndipo Hawa wanamizira utsi m'malo mwanga.

Azakhali andiwonjezera china osafunsa, anyambita chala.

"Ichi ndiye chakudya, mwanangu. Koma usakauze anthu."