Kuonetsa Alamu Malo a Ufulu

Lolemba
Alamu anga a Yusufu, achimwene a mkazi wanga, afika kuchokera kusukulu ku Amereka. Tsitsi ngati dengu. Akuonetsa zithunzi: belu long'aluka la nthawi yomwe akumeneko ankalandira ufulu, nyumba ya mtsogoleri wawo woyamba. Apongozi m'manja phwa phwa. Ine mkamwini, amene pakhomo pano amandiyesa khasu chabe, nsanje yandigwira. Pakamwa pathamanga: "Ifenso malo otero tili nawo! Ndikuonetsani." Apongozi akuti ndikangomuchititsa manyazi mwana wawo, ndione msana wa njira.

Lachiwiri
Ndalemba:
1. Mlambe wa ku Nsanama, pomwe panachitikira msonkhano woyamba wa ufulu kuno.
2. Chipinda chomwe azungu ankatsekeramo anthu.
3. Nkaya. Chinachitika kumeneko sindikuchidziwa, koma kuli njanji.

Lachitatu
Milambe ilipo itatu! Madala atatu, aliyense akulumbira Wallahi kuti weniweni ndi wake. Alamu akufunsa amene analankhula pamsonkhanowo. Onse akucheukacheuka. Mmodzi akunong'ona: "Mwini dzinalo anathawira kunja, bambo. Musatiphetse."

Lachinayi
M'chipinda chija mumagona mbuzi. Alamu akujambula mwaulemu. Tonde watafuna lamba wa kamera.

Lachisanu
Alamu ali kumzikiti, ine ndikusaka belu. Ndapeza limu la galimoto lomwe amaimba pasukulu. Vuto, ndi losang'aluka. Ndalimenya ndi hamala. Chang'aluka ndi chala changa. Mayo ine!

Loweruka
Nkaya. Tisanaone kanthu, anyamata a chipani: "Khadi!" Alamu alibe. "Nanga tsitsili ndi la mwamuna?" Awakhazika pamwala pafupi ndi njanji, awameta ndi lumo lobuntha, popanda sopo. Buluku lawo lotambalala kumiyendo alidulira m'mawondo. Ine chilili, khadi langa m'manja, ndikungoti pepani alamu, pepani alamu. Ndikuchita mantha, ndipo manyazi andipha.

Lamulungu
Apongozi aona mutu uja dzulo. Sanakalipe iyayi, angouza mkazi wanga kuti andimangire zovala. Ndikulemba izi ku Nkaya, kudikira sitima ya kwathu ku Balaka. Pamwala paja anthu ali pikitipikiti. Mayi wogulitsa nthochi akuwalozera: "Apa ndi pomwe anametedwera wa ku Amereka." Ena akutola tsitsi kukaonetsa kwawo. Ndasendera kuti ndiwauze kuti munthuyo ndinabwera naye ndine. Akuti ndikaime kumbuyo kwa mzere.