Sabata Imene Ndinakonza Galimoto ya Malume

Pepani kuti nanenso ndalimba mtima kugwira cholembera. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ku Kasiya, ndipo sindine munthu wa zoyankhulayankhula. Koma nkhani iyi anthu a ku Biwi amaikamba mosiyanasiyana, ena mpaka amati galimoto inapsa, ndiye ndaona kuti ndi bwino muimve kwa mwini wake. Galimoto sinapse. Zina zonse zimene amanenazo n'zoona.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinabwera ku Lilongwe kudzakhala ndi malume anga ku Area 23. Miyezi isanu inatha ndisanapeze chochita, kupatula kutsuka galimoto yawo m'mawa uliwonse. Tsiku lina malume anandiuza mosabisa kuti mwezi wa Juni ukatha ndikadali choncho, ndibwerere kumudzi ndikathandize mayi anga kudimba. Atatero anandifunsa ngati ndimadziwa za injini, poti anamva kuti ndinkagwira ntchito pachigayo. Pachigayo ndinagwirapodi, koma ntchito yanga inali kuthira madzi mumgolo woziziritsa injini ndi kusesa gaga. Kungoti kwathu munthu wamkulu akakufunsa sumuyankha kuti ayi ngati ukumuthamangitsa. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndimadziwa pang'ono.

Malume anasangalala. Anati ali ndi mnzawo, Che Jafali, makaniko wa ku Mangochi amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo ku Biwi, ndipo ndikaonetsa kuti mutu ulipo adzandilankhulira kuti ndiziphunzira ntchito kumeneko.

Galimotoyo inali yoyera, yakale ndithu, yochokera ku Japan. Masiku amenewo inkadya oyilo, ndipo ikaima pamalo inkanjenjemera ngati ikumva malungo. Che Jafali ataimvetsera anati vuto ndi kavalavu kena kakang'ono kamene kamakhala pamwamba pa injini, pamodzi ndi mapaipi ake awiri a labala amene anali atauma n'kung'aluka. Koma iwo anali ndi magalimoto ambiri, ndiye anati ibwere sabata inayo. Malume sakanadikira. Loweruka lomwelo anali nkhoswe pachinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo wamng'ono ku Likuni, ndipo ankati nkhoswe yokhala ndi galimoto siingafike paminibasi. Anakagula okha zipangizo ku Malangalanga, Lachitatu m'mawa n'kundipatsa m'kajumbo. Anandilozera ndi chala pamene panali kavalavu kakale, anati ndi ntchito ya mphindi khumi kwa munthu wodziwa, n'kupita kuntchito.

Ndikutsika pakhonde kajumbo kaja kanang'ambika. Kavalavu kanagwa pasimenti n'kugubuduka mpaka pampopi. Ndinakatola, ndinakapukuta ndi malaya, ndipo m'pamene ndinamva kanthu kakulira mkati. Ndinakagwedeza pakhutu: tcheke tcheke.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chabwino sichilira mkati. Dzira likamakhuchumuka ndi lovunda. Babu likamalira ndiye kuti lapsa. Wailesi ya bambo anga itagwa pamtondo inalira chimodzimodzi, ndipo sinayankhulenso. Komabe ndine munthu wosamala, sindinafune kuthamangira. Ndinazula kavalavu kakale m'galimoto, kamene kanagwira ntchito zaka zambirimbiri kuchokera ku Japan komweko, n'kukagwedeza. Kanali zii. Umboni unakwana: ndinali nditaswa katsopano ndisanagwire n'komwe sipanala. (Amene mumadziwa za magalimoto mwayamba kale kugwira kumutu. Dikirani, sindinayambe.)

Ndinakhala pakhonde nthawi yaitali ndithu. Kuwauza malume kunali kofanana ndi kudzikwerera ndekha basi ya ku Kasiya. Kubwezerapo kakale, akanaona, chifukwa kanali kakuda bii. Mapeto ake ndinapita paokala, ndinagula supagulu, ndinadonthezera madontho anayi mkati mwa kavalavu katsopano n'kukaika padzuwa. Patatha ola limodzi ndinakagwedeza. Zii, ngati kanzake. Mtima unakhala pansi.

Mapaipi ndiwo ndinagwira bwino, ndipo apa ndilolereni ndidzitamande pang'ono. Ndisanachotse akale ndinalemba ndi choko pamene lililonse linachokera ndi pamene linkapita. Limodzi linathyokera m'manja ngati bisiketi. Atsopano ankakana kulowa, ndiye ndinawaviika m'madzi otentha mpaka anafewa. Makilipu omangira ndinawamanga mpaka zala zinatupa, n'kubwereza kawiri kuona ngati pali losuntha.

Madzulo malume anailiza galimoto, ndipo sinanjenjemere. Anapita nayo ku Kawale n'kubwerera akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Anauza akazi awo, amene ine ndinkawatcha Amayi, kuti m'nyumba muno muli injiniya amene timangomutumiza kukagula tomato. Tsiku limenelo ndinalandira nthuli ziwiri. Lachinayi anapita nayo kuntchito.

Lachisanu m'mawa ndikuitsuka ndinatsegula boneti kuti ndisirire ntchito yanga. Ndinapeza oyilo akudontha pabokosi lakuda limene mumakhala sefa ya mpweya. Nditalitsegula, sefa yonse inali itanyowa. Ndinalondola mosamala mpaka ndinapeza kuti oyiloyo akudzera m'paipi lachiwiri lija, limene limachokera pachivundikiro cha injini kupita kubokosiko. Apa ndinasokonezeka kwambiri. Paipi ndinaliika pamalo pake, choko chinali chikuonekabe. Nanga anthu a ku Japan anaikiranji paipi loti lizitaya oyilo? Yankho sindinalipeze, koma chimodzi ndinkachidziwa: chinthu chikamadontha, umatseka. Ndinadula kamtengo ka bulugama, ndinakasema bwinobwino, ndinakakhomera m'kati mwa paipi n'kulibwezera pamalo pake. Kunja sikunkaoneka kanthu.

Madzulo ake malume anabwera akunena kuti m'galimoto mukununkha oyilo. Ndinawayankha kuti zipangizo zatsopano zimatero masiku oyamba. (Sindidziwa kumene ndinawatenga mawu amenewa. Anangotuluka okha, ndipo malume anagwedeza mutu ngati amva za nzeru.)

Loweruka ndinadzuka msanga. Nditatsegula boneti ndinapeza kachitsulo kaja kakatali koyezera oyilo katasolomoka pamalo pake, ndipo kunsi kwa boneti kunali madontho akuda ponseponse. Ndinakakankhira mkati, ndikudzifunsa kuti chinthu chopanda miyendo chatuluka bwanji. Ndinaganiza kuti mwina ndi mabampu a mu Area 23. Ndinadula mphira ya chubu cha njinga, ndinakamanga kachitsuloko n'kukokera kubawuti ina yapafupi, mfundo zitatu. Ndinapukuta zonse n'kutseka.

Tinanyamuka cha m'ma naini. Malume anavala suti yoyererako imene anasoketsa ku Mchesi chifukwa cha tsikuli. Amayi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo nditafungata nkhuku yathadzi yokapereka kwa akuchimuna. Mpaka m'tauni zonse zinali bwino. Titawoloka mlatho n'kulowa msewu wa ku Likuni, kutsogolo kunayamba kumveka kaphokoso konga likhweru. Malume anafunsa ngati ndi nkhukuyo. Ndinati mwina. Likhweru linakula, fungo nalo linakula, ndipo tikufika ku Chinsapo utsi unayamba kutuluka m'mbali mwa boneti.

Malume anaimika pambali. Injini sanaizimitse, poopa kuti siilira kachiwiri chifukwa batire linali lofooka. Anatsegula boneti, anakupiza utsi ndi dzanja, n'kuwerama. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndi nkhuku.

"Ichi n'chiyani, mphwanga?"

"Ndi mphira, Malume."

"Ndikuona kuti ndi mphira. Ikutani pano?"

Nthawi yomweyo anaikoka. Kachitsulo kaja kanalumpha, ndipo kumbuyo kwake kunatuluka oyilo wakuda, wotentha, molunjika pachifuwa pa suti.

Malume sanakalipe. Anazimitsa injini, anayang'ana jekete, anayang'ana ine, anayang'ananso jekete. Amayi anayesa kupukuta ndi mpango, banga n'kukula kufika paphewa. Nthawi inali itatha. Malume anandilanda nkhuku, anaikumbatira pachifuwa pomwe panali banga lija, n'kuimitsa minibasi. Ine anangondiuza kuti ndisachoke pagalimoto, ndiponso ndisaikhudze. Amene anali kuchinkhosweko amati itafika nthawi yosinthana nkhuku, nkhoswe ya kuchikazi inakakamira yake kwa kanthawi, anthu n'kumayesa ndi mwambo wa ku Kasiya. Mwayi wake tambala amene anawapatsa anali wamkulu kuposa thadzi, anabisa bwino bangalo.

Che Jafali anabwera masana ndi pikapu ndi chingwe, n'kuikokera galimoto ku Biwi. Lamulungu malume sanandiyankhule. Amayi anatsitsa chikwama changa pamwamba pa kabati, akuti akufuna kupukuta fumbi, koma sanachibwezerepo. Juni anali atatha Lachisanu.

Lolemba tinapita ku Biwi ine ndi malume. Che Jafali ndi munthu wamfupi, wovala kofia, woyankhula motsitsa. Anayala katoni pansi n'kuyamba kuikapo zimene ankapeza. Choyamba inali mphira. Atamasula paipi lachiwiri anasuzumira mkati, anatenga pulaya, n'kusolola kamtengo kanga. Anakayang'ana nthawi yaitali, anakanunkhiza, anati ndi bulugama, n'kukaika pakatoni osafunsa munthu. Kenaka anazula kavalavu n'kukagwedeza pakhutu.

"Aka n'kakufa," anatero. "Katsopano kamayenera kulira."

Malume ndiye anapsa mtima. Anati wogulitsa uja wawapatsa chinthu chabodza, wawanyazitsa pamaso pa akuchimuna, ndipo akupita ku Malangalanga pompano kukamugwira pakhosi. Anali atayamba kale kuyenda. Ine munthu ameneyo sindinamuonepo, koma ndinamuona m'maganizo akukokedwa kolala pa mlandu wa madontho anga anayi. Ndinatsokomola, ndinagwada pafumbi, n'kunena zonse, kuyambira kajumbo kong'ambika. Za dzira ndi babu ndinanenanso, poganiza kuti zindithandiza.

Sizinathandize. Che Jafali anakhala pansi patayala, mapewa akugwedezeka, ndipo amakaniko a pafupi anasiya ntchito kubwera kudzamva. Atapeza mpweya anandifotokozera kuti m'kavalavu muja muli kachitsulo kamene kamayenera kusuntha, kutsegula ndi kutseka, kuti mpweya umene umadzaza m'kati mwa injini uzituluka. Kakale kanali chete chifukwa kanagwidwa ndi litsiro, ndipo n'chifukwa chake anati kachotsedwe. Ine ndinatenga katsopano n'kukasandutsa kakale.

"Achimwene, injini imapuma ngati ine ndi inu," anatero. "Mwaitseka mphuno, yapumira kukamwa. Mwaikhomera mtengo kukamwa, yayesa kukhutu. Kukhutu mwamanga ndi mphira. Inu mumafuna ipumire kuti?"

Iwo analoza kunsi kwa galimoto, kumene oyilo anali akudontha pafumbi, n'kunena kuti yapeza yokha njira imene aliyense akanapeza. Anthu anaseka mpaka malume omwe anatembenukira kumbali. Mpweyawo unali utaphulitsa timalabala tiwiri totsekera oyilo kunsi, ndi gasiketi, labala lotsekera oyilo pachivundikiro cha pamwamba.

Pomasula paipi loyamba Che Jafali anavutika ndi makilipu anga mpaka thukuta. Anaimirira, anapukuta kumaso, n'kuwauza malume kuti vuto la mnyamata wawoyu n'loti si waulesi. Akanakhala waulesi akanasiya pena posamanga bwino, mpweya ukanatulukira pamenepo, bwenzi atafika ku Likuni ndi suti yoyera. Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneku kunali kundiyamikira.

Malume anagamula kuti galimoto ikangotha ndinyamuke, koma pakadali pano ndizipita ku Biwi tsiku lililonse kukatsuka oyilo amene ndinamwaza. Ndinatsuka masiku atatu ndi parafini ndi mswachi wakale. Che Jafali sankandiyankhula zambiri. Nthawi zina ankangoima kumbuyo kwanga kuonera mmene ndinkandandalikira mabawuti pakatoni, lililonse ndi chizindikiro chake cha choko.

Tsiku lotenga galimoto malume anabwera ndi chikwama changa, kuti akandisiye kudepoti pobwerera. Che Jafali anatulutsa kavalavu kena katsopano, anandipatsa kuti ndikagwedeze pamaso pa onse, kanalira, ndipo anandiuza kuti ndikaike ndekha iwo akuona. Ndinakaika. Injini inalira bwino. Malume atatsegula chitseko cha kumbuyo kuti ndikwere, Che Jafali anaika dzanja pachitsekopo.

"Bwana, munthu wotereyu ndi woopsa akakhala payekha. Msiyeni pano pamene ndikumuona."

Malume anaganiza kanthawi, anati chikwama abwerera nacho kunyumba, koma kuyambira tsiku limenelo galimoto yawo ndiziitsuka kunja kokha. Che Jafali nawo anandipatsa lamulo limodzi: ndisanamate, ndisanamange, ndisanatseke chilichonse, ndizifunsa. Ndinavomera, ndipo ndimayesetsa. Kungoti kufunsa munthu wamkulu amene ali pa ntchito kumanditulutsabe thukuta, moti kawirikawiri ndimangoima pambali pawo ndi chitsulo m'manja, nthawi zina theka la ola, kudikira kuti atembenuke andifunse iwo.

Galimoto inatuluka ku Biwi, ine ndinatsala, Lachinayi pa 6 Julaye 2006.