Mkamwini ndi Akakombo a Apongozi

Mwambi mukundifunsawu, ana inu, chiyambi chake n'chotere.

Panali mnyamata wina, dzina lake Gelesomu, amene anali atangolowa kumene chikamwini m'mudzi wina wa kufupi ndi phiri la Dedza. Apongozi ake, aNankhoma, anali ndi bedi la maluwa a akakombo kuseri kwa nyumba, oyera mbee, amene ankakongoletsa nawo tchalitchi. Mbuzi ikangonunkhizapo, mawa lake inkaswera pachingwe.

Tsono paja mkamwini salankhulana maso ndi maso ndi apongozi. Gelesomu akawaona akubwera m'njira, ankapatukira patchire ngakhale pakhale chitedze. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wake, Esinala.

Mvula itatha, aNankhoma anapita kukadwazika mchemwali wawo. Pochoka anati, "Esinala, uwauze abambowo andiyang'anire maluwa anga."

Gelesomu anati apa ndiye podziwikira. Ankathirira m'mawa, ankathirira madzulo, nkhuku ikayandikira n'kuigenda. Koma masamba anayamba chikasu. Iye anawonjezera madzi. Masamba anagona pansi. Anathira zitosi za nkhuku. Masamba anauma gwaa.

"Bwanji simukudya masiku ano?" anafunsa Esinala.

"Mutu," anayankha Gelesomu.

Kufunsa mkazi wake, amene anakulira pa maluwa omwewo, anachita nako manyazi. Mumtima ankangoona mphasa yake atamukulungira, akumubweza kwawo, anthu akumuloza kuti uyo anapha maluwa a apongozi uja.

Tsiku lina masana anaganiza zofafaniza mlandu. Anatenga khasu n'kukumba bedi lonse, kuti adzanamizire mbewa. Pansi anapeza mitu yonga anyezi, yonenepa bwino. Anaiwolera m'malaya n'kupita nayo kudzenje la zinyalala. Ali m'mphepete mwa dzenjelo, anamva chifuwa chimene ankachidziwa bwino. ANankhoma abwera!

Kothawira kunalibe. Anadumphira m'dzenjemo n'kudzifunditsa mapesi.

"Mayo ine, maluwa anga!" anafuula aNankhoma. "Esinala! Amuna ako ali kuti?"

"Anali pompano, amayi."

"Izi ndi mbewa izi. Koma mbewa zake zokumba ngati zili ndi khasu!"

Nthawi yomweyo mapesi aja anachita tswaa, pakuti nyerere zinali zitamulowa Gelesomu m'buluku.

"Wamva?" anatero aNankhoma. "Ili m'dzenjemu. Thamanga ukatenge moto, tiifukize."

Gelesomu anamva zonse. Akanangoti "ndine", nkhani ikanathera pomwepo. Koma akanawayankha bwanji apongozi, iye atanyonyomala m'zinyalala, maluwa awo ali m'malaya? Anadzigwira pakamwa.

Esinala anabwera ndi moto n'kuyatsa mapesi aja. Utsi unalowa. Iye anapirira. Misozi ndi mamina zinatsika, koma anapirirabe. Moto utafika pabuluku, anatumphuka m'dzenjemo akukhosomola, makoko a nthochi ali kumutu, mitu ya akakombo ili mbwee pansi, kumbuyo kwake kukufuka utsi.

ANankhoma anatembenukira kumbali monga mwa mwambo, n'kulankhula ndi mwana wawo.

"Esinala, uwafunse abambowa ngati m'nyumba mwachepa malo."

Gelesomu, maso ali pansi, ananong'oneza mkazi wake. "Uwauze amayi kuti maluwa ndinapha ndine."

"Akuti anapha ndiwo, amayi."

"Ndamva, si ine gonthi. Uwauze kuti akakombo safa chilimwe, amagona. Masamba akauma timasiya kuthirira, mitu imapuma pansi, mvula ikagwa amaphukanso. Iwe sukudziwa zimenezi?"

"Ndikudziwa, amayi. Sanandifunse."

Ana a m'mudzi anali atasonkhana kale pampanda, akusuzumira. Gelesomu anaima chotsamira khoma, manja ali kumbuyo, kubisa pamene panapsa paja.

ANankhoma anatola mutu umodzi, anaupukuta ndi chitenje, n'kuuyang'ana uku ndi uku. "Sinawole. Uwauze abzalenso lero lomwe, koma ayambe asintha buluku. Kwawo sapita. Ndani angamve kuti ndinathamangitsa mkamwini nditamuwamba kale? Ndipo uwauzenso kuti akanakhala chete pang'ono pokha, bwenzi pano tikulira maliro."

Mvula itagwa, akakombo anaphuka onse, osatsala ndi mmodzi yemwe. Koma Gelesomu, mpaka anamera imvi, sankadutsanso kuseri kwa nyumba ija. Ndipo kuyambira pamenepo, munthu akamavutika chamumtima chifukwa choopa kutsegula pakamwa, anthu amamukumbutsa kuti: mbewa ya manyazi inafera kuuna.